Chotupa cha mafinya m'chiwindi: zofufuza ndi zochita pamene zizindikiro zikubwerabwera

Vuto limene lachititsa kuti malangizowa alembedwe ndi lodziwika kwa aliyense amene wakhalako nthawi mu wodi ya odwala akuluakulu. Munthu amatentha thupi, amapatsidwa mankhwala a malungo a LA, amapezako bwino masiku awiri, kenako kutentha kuja kumabwerera. Amagula Panado ndi makapisozi pagolosale, abale amamutengera kwa sing'anga, mpaka patapita masabata atatu kapena anayi sikani imaonetsa mafinya atadzaza m'chiwindi. Matendawa akadziwika mavuto sathera pomwepo, chifukwa mabanja ambiri amakumana ndi zofanana atatuluka m'chipatala: kapaipi kotulutsira mafinya kaleka kudontha, wodwala akusanza mankhwala, thupi latenthanso usiku.

Malangizowa ndi a wodwala ndi womuyang'anira. Chotupa cha m'chiwindi sichichizika pakhomo, choncho zimene zili pano ndi zokuthandizani kuzindikira chimene chikuchitika, kukonza zochepa zimene zili m'manja mwanu, ndi kudziwa nthawi yoleka kuyesayesa n'kupita kwa adokotala. Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira chimene chimapezeka kawirikawiri kufikira chosowa.

## Matendawa mwachidule

Chiwindi chili kumtunda kwa mimba, mbali ya kumanja, kuseri kwa nthiti. Mabakiteriya akakhazikika mkati mwake, mnofu wa pamalopo umasungunuka ndipo pamapangika mphako yodzaza mafinya, kawirikawiri m'chigawo cha kumanja chimene ndi chachikulu. Mabakiteriyawo amalowera m'njira izi:

1. Njira za ndulu zikatsekeka ndi timiyala, chipsera kapena khansa. Kwa akuluakulu ili ndilo gwero lodziwika kwambiri masiku ano.
2. Mtsempha waukulu umene umatenga magazi m'matumbo kupita nawo ku chiwindi, pamene apendikisi yatupa kapena m'matumbo muli chilonda. Mu 1938 madokotala Alton Ochsner ndi Michael DeBakey a ku New Orleans anapeza kuti apendikisi ndiyo inkatsogolera, ndipo kumene opaleshoni imachedwa njira imeneyi ikadali yofunika kuiganizira.
3. Magazi a m'thupi lonse, kuchokera ku matenda a mbali ina monga mtima, mano kapena chithupsa chachikulu.
4. Kuvulala kwa chiwindi pangozi kapena pa opaleshoni.

Kwa odwala ena ambiri gwero silioneka ngakhale atafufuza, makamaka amene ali ndi matenda a shuga. Mabakiteriya amene amapezeka kwambiri m'mafinyawo ndi Escherichia coli, Klebsiella pneumoniae, gulu la Streptococcus anginosus ndi ena a m'matumbo amene amakula popanda mpweya. Kwa ana, Staphylococcus aureus.

Chithandizo chili ndi mbali zitatu: kutulutsa mafinya, kulandira maantibayotiki kwa masabata 4 mpaka 6, ndi kupeza gwero n'kulikonza. Chotupa chaching'ono chimatha kuphwa ndi mankhwala okha kapena pochipopa ndi singano, koma chikaposa masentimita 5 madokotala ambiri amaika kapaipi. Pafupifupi vuto lililonse limene likubwerabwera limachokera ku mbali imodzi mwa zitatuzi imene yatsalira, ndipo imene imaiwalika kwambiri ndi yachitatu. Kuchotsa mafinya osatseka gwero kuli ngati kukapa madzi m'chitsime chimene kasupe wake akutumphukabe.

## Zizindikiro zosayenera kudikira nazo kuche

Wodwala akaonetsa chimodzi mwa izi, musafufuze china chilichonse. Pezani galimoto, njinga yamoto kapena ambulansi nthawi yomweyo.

- Akuyankhula zosokonekera, akuodzera modabwitsa, kapena sakudzuka bwino.
- Manja ndi mapazi azizira pamene thupi likutentha, mtima ukugunda mothamanga, ndipo akuchita chizungulire akaimirira.
- Sanakodze kwa maola 12 kapena kuposa.
- Mimba yonse yayamba kupweteka mwadzidzidzi ndipo yauma gwa.
- Akubanika, kapena akutsokomola mafinya.
- Diso likupweteka, lafiira, kapena sakuona bwino ngati kale.
- M'thumba la kapaipi mukutuluka magazi ofiira atsopano.
- Maso achita chikasu pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera.

## Kutentha thupi kukubwerera ngakhale LA watha

Ichi ndicho chizindikiro chimene chimataitsa nthawi yambiri, chifukwa kuzizidwa, kunjenjemera ndi thukuta la usiku zimafanana ndendende ndi malungo.

1. Matenda ena a mabakiteriya. Chibayo, taifodi ndi matenda a njira ya mkodzo amapezeka kawirikawiri kuposa chotupa cha m'chiwindi. Onani ngati pali chifuwa, kupweteka pokodza kapena kutsegula m'mimba, ndipo mukanene zonsezi kuchipatala.
2. Malungo amene sanatheretu. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono. Ngati wodwala anadumphitsa kapena anasanza, anene poyera.
3. TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Imadziwika ndi kuonda, thukuta la usiku ndi kutentha thupi kwa masabata, ndipo imatha kukhala m'mimba popanda chifuwa.
4. Chotupa cha m'chiwindi. Chiganizireni ngati kutentha thupi kwapitirira sabata, chilakolako cha chakudya chatha, ndipo wodwala ali ndi shuga, anadwalapo ndulu, anachitidwa opaleshoni ya m'mimba posachedwa, kapena amamwa mowa kwambiri. Si onse amamva kupweteka kumanja, ndipo okalamba ambiri amangofooka basi.

Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Kachipangizo koyezera malungo pachala kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, chifukwa chimene kamapeza ndi zotsalira za tizilomboto m'magazi. Choncho munthu amene wangomaliza LA akayezedwanso pachala n'kupatsidwa LA wina, mwina akuchizidwa matenda amene anatha, pamene ena akukula. Pemphani mwaulemu kuti magazi aonedwe pa maikulosikopu, kuti ayeze kuchuluka kwa maselo oyera ndi shuga, ndipo ngati malungo sanapezeke, funsani ngati sikani ya m'mimba siyofunika. Chipatala chaching'ono chikakhala chopanda makinawo, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Musagule maantibayotiki pamsika: makapisozi a masiku atatu amatsitsa kutentha kwa kanthawi, amachititsa kuti mabakiteriya asamere akayezedwa ku labu, ndipo mafinya amakhalabe momwemo.

## Kupweteka pansi pa nthiti za kumanja kapena paphewa la kumanja

Wodwala amene chiwindi chake chatupa amadziwika ndi kayendedwe: amapendekera kumanja, dzanja lili pa nthiti, amapuma mosafikitsa chifukwa akakoka mpweya wambiri ululu umamudula, ndipo galimoto ikagunda dzenje amabuula. Ena amadandaula phewa lokha n'kumalipaka mankhwala osisita, osadziwa kuti ululuwo ukuchokera pansi: chotupa chikakhudza mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ubongo umaumva ngati wa paphewa.

1. Zilonda za m'mimba kapena chilungulira. Ululu umakhala pakati, umasintha ndi chakudya, ndipo thupi silitentha.
2. Ndulu yotupa kapena timiyala. Ululu umabwera mwamphamvu pambuyo pa chakudya cha mafuta, n'kukhala maola angapo.
3. Chibayo cha m'munsi mwa phapo la kumanja, chimene chimabwera ndi chifuwa ndi makhololo.
4. Kutupa kwa chiwindi chifukwa cha mavairasi a hepatitis, mowa kapena mankhwala.
5. Chotupa cha mafinya, cha amiba kapena cha mabakiteriya.
6. Khansa ya chiwindi, imene kwathu kuno imayenderana ndi hepatitis B ndi chuku cha m'mtedza ndi chimanga. Chiwindi chimauma n'kuchita mabampu, ndipo munthu amaonda kwa miyezi.

Palibe chimene mungachite pakhomo kuti musiyanitse zimenezi motsimikiza. Sikani ndiyo imalekanitsa. Podikira ulendo, musatemere mphini pamalopo, musathowe ndi madzi otentha, ndipo musasisite mwamphamvu, pakuti chotupa chimene chili pafupi ndi khungu la chiwindi chikhoza kuphulikira m'mimba. Pa ululu gwiritsani ntchito Panado, koma dziwani kuti kwa munthu wa chiwindi chodwala madokotala ambiri salola kupitirira magalamu 2 patsiku, amene ndi mapiritsi anayi a 500 mg. Brufen, Indocid ndi aspirin asiyeni, chifukwa amavulaza impso za munthu wofooka ndipo amachititsa kuti magazi achedwe kuundana pamene singano ikufunika kulowa m'chiwindi.

Kusiyana kwa amiba ndi mabakiteriya n'kofunika kuti banja likumvetse, chifukwa mankhwala ake satha nthawi imodzi. Chotupa cha amiba chimayamba ndi kachilombo ka Entamoeba histolytica kamene kamalowa ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi, chimagwira kwambiri amuna a zaka zapakati pa 20 ndi 50, makamaka akumwa mowa, ndipo ambiri sakhala ndi kamwazi panthawiyo. Mafinya ake amakhala ofiirira moderako, osanunkha, ndipo wodwala amasintha m'masiku 3 mpaka 5 atayamba metronidazole, amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Flagyl. Mafinya a mabakiteriya amakhala achikasu kapena otuwa, nthawi zina onunkha. Popeza zoyezera amiba sizipezeka paliponse, madokotala amayamba ndi ceftriaxone pamodzi ndi Flagyl kuti agwire mbali zonse ziwiri. Choopsa ndi chakuti munthu wa chotupa cha mabakiteriya amve kwa mnzake kuti iye anachira ndi mankhwala a masiku 10, n'kusiya akenso pa tsiku lomwelo.

## Thupi likutenthabe, kapena latenthanso, chithandizo chili mkati

Yezani kutentha m'mawa ndi madzulo n'kulemba m'buku la kuchipatala. Madigiri 38 kapena kuposa ndiwo ofunika kuwalemba mowonekera. Yezani musanapereke Panado, apo ayi mulemba za Panado osati za matenda.

1. Nthawi siinakwane. Kutentha kumatsika pang'onopang'ono m'sabata yoyamba, ndipo chotupa chikakhala chachikulu kumatha kufika sabata yachiwiri. Ngati tsiku lililonse kukucheperako, wodwala wayamba kudya ndipo ululu ukutha, pitirizani.
2. Mafinya sakutuluka onse. Kapaipi katsekeka kapena kasuntha, chotupa chili ndi zipinda zingapo zosalumikizana, kapena pali china chimene sichinaboledwe. Yankho ndi sikani ina, kenako kupopanso, kuika kapaipi kena, kapena opaleshoni.
3. Mankhwala akudumphitsidwa, akusanzidwa kapena sakulowa m'thupi. Werengani mapiritsi otsala n'kuyerekeza ndi masiku. Antibayotiki wa ciprofloxacin salowa bwino akamwedwa pamodzi ndi mkaka, chambiko, mankhwala a chilungulira kapena mapiritsi owonjezera magazi. Amwedwe maola 2 zisanamwedwe zimenezi kapena maola 6 pambuyo pake.
4. Mabakiteriya sakumva mankhwala. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti pofika 2016 pafupifupi 9 mwa 10 alionse a Klebsiella ndi 3 mwa 10 alionse a E. coli anali a mtundu wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Ngozi ndi yaikulu kwa amene anagonekedwapo kapena anamwa maantibayotiki kangapo posachedwa. N'chifukwa chake mafinya oyamba kutuluka ayenera kupita ku labu, ndipo ndi udindo wanu kufunsa ngati zotsatira zinabwera komanso ngati mankhwala akugwirizana nazo.
5. Gwero silinakonzedwe, monga njira ya ndulu yotsekeka kapena mafinya a pa apendikisi.
6. Matenda atsopano a pamalo pamene panali diripi. Onani ngati mkono watupa, wafiira, kapena mtsempha wauma ngati chingwe.
7. Si chotupa cha mabakiteriya, koma TB kapena khansa imene yaola pakati.
8. Mankhwala omwewo ndiwo akutenthetsa thupi. Izi n'zosowa, zimabwera ndi zidzolo, ndipo ndi adokotala okha angagamule atachotsa zina zonsezi.

Kutentha kumene kunaleka kwa masiku awiri kapena atatu n'kubwereranso sikufanana ndi kumene kukutsika pang'onopang'ono. Kumeneko kumafuna chipatala tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lobwerera limene munalemberedwa lisanakwane.

## Mavuto a kapaipi kotulutsira mafinya

Khuthulani thumba nthawi yofanana m'mawa uliwonse mutasamba m'manja ndi sopo, werengani mulingo pa mizere ya thumbalo musanataye, lembani, ndipo mafinyawo atayidwe m'chimbudzi. Masiku oyamba amatuluka olimba, osakanikirana ndi timagazi. Kenako amasungunuka n'kuchepa, mpaka kukhala madzi achikasu oyera. Kapaipi kamachotsedwa zotuluka zikatsika kufika pafupifupi mamililita 10 patsiku, amene ndi masipuni aang'ono awiri, wodwala atapeza bwino.

### Kaleka kudontha

1. Kapindika kapena katsamiridwa. Tsatirani ndi chala kuyambira pakhungu mpaka pathumba. Malo amene kamakonda kupindikira ndi pomangira chitenje, pa lamba wa buluku, pansi pa pulasitala, ndi pansi pa wodwalayo akagonera kumanja.
2. Thumba lili pamwamba. Liyenera kukhala m'munsi mwa mimba nthawi zonse, pogona ndi poyenda, koma lisagwe pansi.
3. Kampopi kapakati katsekedwa, mwina potsuka kapena posintha thumba.
4. Katsekeka ndi mafinya olimba. Kutsuka ndi madzi a diripi ndi ntchito ya anamwino, kapena ya inu pokhapokha ngati anakuphunzitsani n'kukupatsani zipangizo. Musalowetse madzi a pampopi, waya kapena udzu, ndipo musayamwe ndi pakamwa.
5. Kasolokako. Ulusi womangira ukaduka, gawo la kunja limaoneka lalitali kuposa kale, ndipo nthawi zina timabowo ta m'mbali timaonekera. Musakakankhire mkati.
6. Mafinya atha. Izi zimachitika pang'onopang'ono, ndipo wodwala amakhala akupeza bwino.

Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati dzulo munatuluka theka la kapu ndipo lero mulibe kanthu, kapaipi katsekeka, sikuti chotupa chauma.

### Mafinya akutulukira m'mbali

Kawirikawiri ichi ndi chizindikiro chakuti mkati mwatsekeka, choncho bwerezani kufufuza kwa pamwambapa. Sinthani bandeji ikanyowa, pukutani khungu, ndipo mukaonetse mawa lake. Khungu likafiira mozungulira n'kumafalikira, musadikire.

### Mtundu wasintha

Madzi obiriwira kapena achikasu chodera, ambiri ndipo osachepa, ndi ndulu: mphako yalumikizana ndi njira ya ndulu, ndipo kapaipi kangafunike kukhala nthawi yaitali kapena njirayo itsegulidwe. Magazi ofiira, kapena zinthu zooneka ndi kununkha ngati chimbudzi, ndi za mwamsanga.

### Katuluka konse

Phimbani bala ndi gozi woyera, matani ndi pulasitala, tengani kapaipiko m'pepala la pulasitiki kuti akaone ngati katuluka kathunthu, ndipo pitani tsiku lomwelo.

## Nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, dzanzi ndi zidzolo

Zambiri mwa izi zimachokera ku mankhwala, ndipo ndi zimene zimachititsa odwala kusiya chithandizo pa sabata yachitatu, pamene mphamvu zabwerera koma mabakiteriya sanathe. Mankhwala ovutitsa amasinthidwa ndi adokotala, sasiyidwa mwakachetechete.

- Nseru ndi kukoma kwa chitsulo m'kamwa. Ndi Flagyl. Amwedwe pambuyo pa phala kapena nsima, piritsi limezedwe lathunthu ndi madzi ambiri. Wodwala akasanza pasanathe mphindi 30 ndipo piritsi laoneka, amwenso. Akasanza kawiri motsatizana, apite kuchipatala kuti mankhwala adzere m'mitsempha.
- Kusanza kwamphamvu, kufiira nkhope ndi kuthamanga kwa mtima. Funsani za mowa mosabisa, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Mowa suyenderana ndi Flagyl mpaka patapita masiku 3 mankhwalawo atatha, ndipo chiwindi chimene chikupola sichiufuna n'komwe.
- Kutsegula m'mimba. Kwapang'ono n'kofala ndi antibayotiki wa Augmentin. Perekani Thanzi ORS n'kupitiriza. Kukafika katatu kapena kuposa patsiku kwa masiku awiri, kwamadzi, kwamagazi kapena ndi kupotokola, kukhoza kukhala kwa bakiteriya wa Clostridioides difficile amene amachuluka maantibayotiki akapha anzake a m'matumbo. Musapereke mankhwala oimitsa m'mimba.
- Dzanzi kapena kuotcha kumapazi ndi m'manja. Flagyl wa masabata ambiri amavulaza mitsempha, ndipo vutoli likanyalanyazidwa limachedwa kutha. Nenani m'masiku awiri, ngakhale mukuganiza kuti ndi shuga.
- Kupweteka kwa mtsempha wa kuchidendene. Ndi ciprofloxacin, makamaka kwa okalamba. Wodwala asamwe piritsi lotsatira asanaonane ndi adokotala tsiku lomwelo.
- Zidzolo. Zikabwera ndi kutupa milomo, kubanika, matuza kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, siyani mankhwalawo n'kuthamangira kuchipatala.

Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB apitirize kumwa, koma aonetse mabotolo onse kwa adokotala, kuphatikizapo mankhwala azitsamba. Odwala shuga adziwe kuti mafinya amakweza shuga kwambiri, moti ambiri amaikidwa pa insulini kwa kanthawi. Matenda akamatha shuga amatsika, ndipo mulingo womwewo wa mankhwala ukhoza kumugwetsa munthu. Thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kunjenjemera zimafuna madzi a shuga nthawi yomweyo, kenako kuyezetsa.

## Maso achita chikasu

Onani maso panja masana, osati pa nyali kapena babu. Mkodzo woderako wokha, maso ali oyera, nthawi zambiri ndi Flagyl kapena kuchepa kwa madzi m'thupi.

1. Njira ya ndulu yatsekeka. Chimbudzi chimatuwa, mkodzo umada, thupi limayabwa. Apa mankhwala okha sakwanira, njirayo iyenera kutsegulidwa, ndipo zimenezi zimafuna zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu Central kapena Zomba Central.
2. Matenda akula, chifukwa zotupa ndi zambiri kapena mabakiteriya afalikira m'magazi.
3. Mankhwala avulaza chiwindi: Augmentin, mankhwala a TB, Panado wochuluka kapena zitsamba.
4. Hepatitis kapena malungo amene abwera pamwamba pake.

Chikasu chatsopano chilichonse chimafuna kuyeza magazi ndi sikani pasanathe tsiku.

## Chifuwa ndi kupuma movutikira

Chofala kwambiri ndi madzi pang'ono amene amasonkhana pansi pa phapo la kumanja chifukwa cha kutupa kwa chiwindi, pamodzi ndi kupuma kosafikitsa chifukwa cha ululu. Amatha okha chotupa chikamaphwa. Wodwala akhale tsonga, ayende pang'ono, ndipo akoke mpweya wautali kangapo pa ola. Chachiwiri ndi chibayo. Chachitatu, chosowa koma choopsa, ndi kuphulikira kwa chotupa m'chifuwa, kumene kumabwera ndi ululu wadzidzidzi, kubanika, kapena makhololo ambiri a mafinya owawa. Kwa amene wagona masabata, mwendo umodzi ukatupa n'kuyamba kubanika, magazi oundana akhoza kukhala atapita m'mapapo. Chifuwa chopitirira masabata awiri chimafuna kuyeza makhololo ngati muli TB.

## Diso likupweteka kapena likuona mwachimbuuzi

Apa sipafunika mndandanda, chifukwa choyamba kuganizira ndi chimodzi. Mitundu ina ya Klebsiella, imene madokotala a ku Taiwan anayamba kuifotokoza m'zaka za m'ma 1980 ndipo tsopano ikupezeka m'maiko ambiri, imachoka m'chiwindi n'kukakhazikika mkati mwa diso, mu ubongo kapena m'mapapo, makamaka kwa odwala shuga. Diso limatha kufa m'masiku ochepa, ndipo mankhwala odontheza sathandiza chifukwa mafinya ali mkati. Wodwala amene akuona timadontho toyandama, chimbuuzi, kapena akumva ululu m'diso limodzi aonedwe ndi dokotala wa maso tsiku lomwelo, ndipo anene poyambirira penipeni kuti ali ndi chotupa m'chiwindi. Mutu wopweteka kwambiri, khosi louma, kukomoka kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi ndi za mwamsanga chimodzimodzi.

## Sikani ikuonetsabe mphako mankhwala atatha

Izi zimaopsa mabanja ambiri popanda chifukwa. Mphako imachedwa kutsekeka kuposa mmene munthu amachirira, ndipo imatha kuonekabe kwa miyezi ingapo. Madokotala amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: ngati ikucheperachepera, ngati wodwala sakutentha thupi ndipo akunenepa, ndi ngati magazi abwerera m'malo mwake. Mphako imene ikukula, kapena yosasintha pamene munthu akuondabe, ndiyo yofunika kuifufuzanso, ndipo nthawi zina amadulako kachidutswa kuti akayeze khansa kapena TB. Sungani mapepala a sikani zonse, chifukwa woyeza wa lero sangadziwe ngati masentimita 4 ndi uthenga wabwino kapena woipa asanaone kuti poyamba anali angati.

## Chotupa chabwereranso patapita miyezi

1. Vuto la ndulu silinakonzedwe. Odwala amene gwero lawo ndi ndulu ndiwo amabwerera kwambiri. Ngati munauzidwa kuti thumba la ndulu lidzachotsedwe mukachira, opaleshoniyo ndi mbali ya chithandizo chomwechi, ndipo kupeza bwino si chifukwa choizengerezera.
2. Mankhwala anasiyidwa msanga, kapena kapaipi kanachotsedwa mafinya asanathe.
3. Shuga wosayang'aniridwa. Aliyense amene wadwala chotupa chotere ayezedwe shuga, ndipo abwereze atachira.
4. Chitetezo cha thupi chatsika chifukwa cha HIV, khansa, mowa, kapena mankhwala a gulu la prednisolone. Mankhwala amenewa ambiri amangogula okha chifukwa cha nyamakazi kapena mphumu, ndipo sawatchula pokhapokha atafunsidwa.
5. Amiba anatsalira m'matumbo. Flagyl amapha a m'chiwindi, koma a m'matumbo amafuna mankhwala achiwiri monga paromomycin kapena diloxanide. Funsani ngati munapatsidwa, ndipo madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa WaterGuard.
6. Chilonda kapena khansa ya m'matumbo aakulu. Khoma la matumbo likabooka pang'ono, mabakiteriya amapeza khomo lolowera m'mtsempha wopita ku chiwindi, ndipo chotupa cha m'chiwindi chimatha kukhala chizindikiro choyamba cha khansa imene siinayambe kupweteka.

Chifukwa cha mfundo yomalizayi, munthu amene gwero la chotupa chake silinapezeke, makamaka ngati wapitirira zaka 50, ayenera kukambirana ndi adokotala za kuunika matumbo aakulu ndi kamera akachira. Kufunika kwake kumakula ngati magazi akuchepa popanda chifukwa, m'chimbudzi mukuoneka magazi, kapena kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo. Kuunikaku kumachitika m'zipatala zazikulu ndipo pamakhala mzere, choncho pemphani kalata ndi tsiku lake wodwala asanatuluke mu wodi.